Kukaombola Nambala ya Apongozi

Mkamwini wolongosoka sayenda ulendo ndi apongozi ake aakazi. Kwathu kuno kumunsi kwa Golomoti, ukakumana nawo panjira umapatukira kutchire ngakhale kukhale chitedze, ndipo mukafuna kuuzana kanthu mumatuma munthu wachitatu. Ine ndakhala pachikamwini zaka zambiri ndithu, koma nkhope ya aNabanda, mayi a mkazi wanga, ndinkaidziwa cham'mbali. Ndiye mukamva kuti ndinakwera nawo minibasi imodzi mpaka ku Lilongwe, dziwani kuti panali chinthu. Chinthucho chinali kakhadi kochepa ngati chikhadabo, kamene timati simu.

Mlamu wanga Sitefano, mzime wa aNabanda, anapita ku Joni kalekale. Asananyamuke anawagulira amayi ake kafoni ka mabatani, nambala yake n'kuiloweza pamtima ngati pemphero. Kumeneko zinthu sizinamuyendere. Mapepala alibe, foni akagula amalandidwa, malo ogona amasinthasintha. Choncho ankaimba pa foni zobwereka, mwina kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo mawu ake ankakhala ochepa: ndili moyo, inu muli bwanji, mvula ikugwa? Ife tikayesa kuimbanso pa manambala amenewo ankayankha anthu achilendo m'zilankhulo zawo, n'kudula. Nambala yanga ndinamuuzapo, koma ine ndasintha manambala ngati malaya, ina inapita ndi mbava pamsika, ina inasowa ndi foni yomwe. Mphunzitsi wina anatiyesera kumufufuza pa masamba a mchezo, osamupeza. Nambala ya amayi ake yokhayo ndi imene inkamumangirira Sitefano kumudzi.

Foniyo aNabanda sanaimbirepo munthu chiilandirireni. Inali yodikirira basi. Ankaipachika pamsomali, pamtengo wa bwemba wa kuseri kwa nyumba, poti m'mudzi mwathu netiweki imatera pamenepo pokha, ndipo moto ukatha ankaitumiza kwa wometa tsitsi wa pa Golomoti. Tsoka linabwera nthawi yowokera mpunga ku Bwanje. Poopa kuti mwana angaimbe iwo ali kumunda, anaimanga pansonga ya chitenje, mfundo n'kumasuka iwo osadziwa. Tinaipeza patapita masiku itamira m'matope. Foni inali itafa, ndipo kasimu kaja kanali katachita dzimbiri.

Ndinayamba ndi apafupi. Wogulitsa mayunitsi wa pansi pa ambulera pa Golomoti anati iye amangogulitsa manambala atsopano, zobweza yakale n'za anzake a ku Mtakataka. Ku Mtakataka ndinapeza makina awo akudikira netiweki ngati ife tomwe. Wa ku Mua anandiuza kuti ndibwere mawa, ndipo mawa lakelo ndinapeza ambulera yokha. Ndinaimbanso nambala yaulere ya kampani ya foniyo. Anandiyankha mayi wa mawu okoma koma wosamva: dinani wani, dinani thuu, ndinu ofunika kwambiri kwa ife. Ndinamufotokozera nkhani yonse ya Sitefano ndisanazindikire kuti ndikudandaulira makina. Kenako mvula inakula, ntchito ya kumunda inatipanikiza, m'thumba munalibe kanthu, tinati tikolole kaye. Paja pakadafunda padajiwitsa galu.

Mpunga utalowa m'matumba, ulendo unapsa. Ine ndinayenera kupita chifukwa nthawi imene kunabwera lamulo loti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa cha unzika, cha apongozi chinali chisanafike, ndiye nambalayo inalembedwa pa changa. Mkazi wanga, make Tadala, anali ndi khanda la masiku ochepa, sakanayenda. Ndinkati ndipita ndekha, koma aNabanda anatumiza mawu kudzera kwa mwana wawoyo kuti nambala ndi ya mwana wawo, akaitenga ndi manja awo. Ndinayesa kuwiringula. Make Tadala anangondiyang'ana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tinanyamuka m'mawa pa njinga za kabaza ziwiri, iwo patsogolo, ine kumbuyo patali ndithu, kuti fumbi likhale pakati pathu. Tisanafike pasiteji tinadutsa munda uja wa masola, magalasi ndandanda mpaka kotha maso, nthambo zake zikukwera phiri kunka kumatauni. Ndimauona kawirikawiri, koma tsiku limenelo unandinyansa. Dzuwa ndi lathu lomweli limene limatiwotcha misana ku Bwanje, koma kunyumba kwanga mwana amawerengera tochi.

Pasiteji ya Golomoti oitanira anatithamangira ngati tabwera ndi ukwati. Anatilowetsa m'minibasi yooneka yodzaza, akulumbira kuti yatsala munthu mmodzi kuti inyamuke. Titakhala, ena mwa anthu tinawapezamo anayamba kutsika mmodzimmodzi, kukakhala mumthunzi. Anali ongodzazitsa mipando kuti akole opusa ngati ife. Injini inkalira, dalaivala ankayendetsa pang'ono n'kubwereranso, dzuwa linakwera mpaka kutentha denga. Ndalama yokwerera tinali titapereka kale, ndipo inali itakwera usiku wathawo, ati chifukwa mafuta anagula kwa mavenda.

Anthu enieni atayamba kulowa, kondakitala anandikankha kuti ndisunthe. Kusuntha kwake kunali koti phewa langa likagunde phewa la apongozi. Ndinaumirira pampando ngati chitsa. Anakalipa kuti muno si m'tchalitchi, anayi pampando uliwonse. Anatipulumutsa mayi wina wonenepa wa dengu la usipa, amene pambuyo pake tinamudziwa kuti ndi Abiti Yusufu, wochokera kunyanja. Anatiyang'ana tonse awiri, mmodzi akuyang'ana pawindo wina pansi, n'kuphulika kuseka.

"Iwe kondakitala, maso ulibe? Awa ndi apongozi ndi mkamwini. Ndidutse ndikhale pakati, ndikhale mpanda."

Anakhaladi pakati, dengu pamiyendo. Fungo la usipa linandilowa mpaka m'malaya, koma sindinanunkhidwepo ndi chinthu mothokoza chotero.

Womaliza kukwera anali bambo wa sikipa yoyera yolembedwalembedwa, kachitupa kali lende pakhosi, chikwama cha kompyuta atachikumbatira ngati mwana. Anakhala kutsogolo, ndipo tisanafike patali tonse tinali titadziwa mbiri yake osamufunsa. Ankachokera ku msonkhano ku hotela ya kunyanja, wokambirana zofikitsa luso lamakono kumidzi. Galimoto la bungwe lawo linasowa mafuta, n'chifukwa chake anapezeka pakati pa ife ndi usipa. Anapempha dalaivala kuti akweze wailesi, poti panali pulogalamu yonena za zomwezo.

Wailesiyo inalankhula zokoma. Inati m'mizinda mukubwera intaneti yothamanga kuposa kale. Inati kunja apanga makina oganiza okha, oti mlimi adzangowafunsa ndipo adzamuuza matenda a mbewu zake. Inati posachedwa ndalama zamapepala zidzakhala zachikale, zonse zidzayendera pafoni. Bambo wa sikipa ankangogwedeza mutu n'kumamalizitsa ziganizo za muulutsi. Ine ndinakumbukira msomali wa pabwemba paja.

Abiti Yusufu, amene sankadziwa kusunga nkhani, anali atafunsa kale apongozi za ulendo wathu, ndiye anaiponya kutsogolo kuti bwanayo atithandize. Anatembenuka, magalasi ali pamphuno.

"Bambo, ulendo wanuwu ndi wosafunika. Zimenezi masiku ano timapangira pa apu ya pafoni yamakono, muli kunyumba kwanu."

Ndinatulutsa kafoni kanga ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe, n'kumuonetsa. Anakayang'ana ngati ndamuonetsa chilonda.

"Ndiye vuto lake ndi limenelo. Anthu akumudzi simufuna kusintha. Tanena zimenezi ku msonkhano."

Ndinafuna kumufunsa ngati ku msonkhanoko kunali wakumudzi ngakhale mmodzi, kupatula amene ankawaphikira chambo. Koma pamaso pa apongozi munthu sukangana, ndiye ndinameza mawu n'kumatukwana chamumtima.

Msewu wa Khwekhwerere ukaumva dzina lokha umadziwa kuti si wamasewera. Umakwera mokhotakhota, uku phiri uku phompho. Minibasi yathu inayamba bwino, kenako inayamba kutsokomola, kenako kununkha mphira wopserera. Pakona ina utsi unatuluka pansi pa mpando wa dalaivala, bambo wa sikipa n'kudumphira kunja chikwama chili m'manja. Kondakitala anathamanga kukaika mwala kutayala lakumbuyo. Lamba wa injini anali ataduka.

Dalaivala anati tisadandaule, aimbira mnzake wa pa Masasa abweretse wina. Anatulutsa foni, n'kuikweza m'mwamba, n'kuzungulira nayo. Netiweki kunalibe. Posakhalitsa tonse tinali m'mbali mwa msewu, mikono m'mwamba ngati tili pa mapemphero a chitsitsimutso, aliyense akusaka kamzere kamodzi. Bambo wa sikipa anali ndi foni ziwiri zazikulu ngati mbale, ndipo anakwera nazo pamwala mpaka nsapato inaterereka. Kunena zoona sindinakondwe naye kugwako. Ndinangoona kuti tonse tili m'dzenje limodzi, kungoti iye mawa adzatulukamo n'kuiwala. Mapeto ake kondakitala anaimitsa lole ya makala, n'kukwera pamwamba pa matumba kukatenga lambayo ndi manja.

Kudikira kwa pamenepo kunali kowawa. Mthunzi unali wochepa, madzi tinali titamwa kale, ndipo anyani ankatiyang'ana pamiyala ngati akudziwa kuti sitichoka msanga. Dalaivala anagona pansi pa galimoto chipewa chili kumaso. Abiti Yusufu ankadandaula kuti msika wa usipa wake ukutha iye ali pano. Njala itandipweteka ndinatenga chinangwa chophika chimene anatilongedzera make Tadala, n'kupereka phukusi la apongozi kwa Abiti, ine n'kukadyera langa kuseri kwa minibasi, chifukwa mkamwini satafuna apongozi akuona.

Ndili kuseriko ndinamva aNabanda akulankhula. Ankauza Abiti, koma mawu anawakweza pang'ono, moti ndinadziwa kuti akuuza ine. Anati miyezi yonseyi sagona tulo. Anati sakufuna ndalama za ku Joni, ngakhale bulangete. Akungofuna kuti mwanayo akaimba apeze munthu. Anati Sitefano ali mwana ankaopa kulowa m'nyumba yopanda munthu, ankaima pakhomo n'kumaitana mpaka wina ayankhe. Abiti Yusufu anasiya kuseka. Anati nayenso mchimwene wake anapita komweko ndipo anangozimirira, kenako anati Mulungu ndi wamkulu, inshallah nambala mukaipeza. Chinangwa chotsala ndinachibwezera m'phukusi.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka, ali pa njinga yamoto, lamba ali pakhosi ngati mkanda. Lambayo anali wamkulu pang'ono, koma anamukakamiza. Tinakwera phiri lotsalalo pang'onopang'ono, ndipo titafika pamwamba chisanu chinatilandira. Ife a kuchigwa timaiwala kuti dziko lomweli lili ndi malo ozizira chonchi. Apongozi anafunda chitenje mpaka kumutu, ine ndinali ndi malaya a manja aafupi, mano akugundana. Pa Masasa minibasi inati yafika, ngakhale tinalipira ya ku Dedza. Anatigulitsa kwa ina ngati mbuzi. Abiti Yusufu anatsikira pomwepo kukwera yolowera ku Ntcheu, ndipo mpanda wanga unapita. M'minibasi yachiwiri ndinakhala pampando wakumbuyo kwenikweni, thumba la mbatata ya kachewere lili pamaondo.

Pa Dedza boma tinapeza sitolo ya kampani ija ili yotsegula, mtima wanga n'kukhala pansi. Ndinkaganiza kuti ulendo wathera pompa. Koma magetsi anali atazima, ndipo jenereta inalibe mafuta. Anthu anali mzere pakhonde, ena atakhala pansi. Tinadikira. Apongozi anakhala kumapeto kwa khonde, manja ali pamiyendo, osadandaula ngakhale kamodzi, pamene ine ndinkangoyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira. Magetsi atayaka anthu anaombera m'manja, ngati kuti atichitira chifundo.

Kalaliki wake anali bambo wotopa, wosayang'ana munthu kumaso. Anatenga chitupa changa, n'kufunsa manambala amene foniyo inkaimbira kawirikawiri. Ndinati sinkaimbira aliyense. Anati palibe foni yotero. Ndinati ilipo, mwini wake ndi awo akhala apowo. Anafunsa tsiku lomaliza limene tinaikamo mayunitsi. Ndinati munthu wongodikira safuna mayunitsi. Anapumira m'mwamba, n'kugogoda pakompyuta, kenako anati dzina likuoneka pa nambalayo si langa. Ndinamuuza kuti ndinalembetsa ndekha, ndinajambulidwa chithunzi dzuwa likuswa mtengo. Anati iye sangatsutsane ndi sisitimu ya m'kompyutamo, ndipo nkhani zotere amazithetsa ku likulu. Sanafotokoze kuti dzinalo ndi la yani kapena linabwerapo bwanji. Ine ndinangoganiza kuti wina analakwitsa polemba. Anali ataitana kale wotsatira.

Ndinapempha mayi wina wa pamzerepo kuti awauze apongozi kuti tikupitirira ku Lilongwe. Mayiyo anadabwa poona kuti munthu wouzidwayo ali pomwepo, koma anawauza. Iwo anangoimirira n'kumanga chitenje.

Za msewu wa ku Lilongwe sindikumbuka zambiri, kupatula kuti pa Linthipe tinaima kudikira munthu amene anapita kukagula tomato, ndipo pa Nathenje anatipakiranso ena ngakhale munalibe popumira. Polowa mumzinda zikwangwani zinayamba kukula. Chilichonse chinali ndi munthu woseka atagwira foni, ndi mawu olonjeza kuti dziko lonse lalumikizidwa. Maofesi anali atatseka kale. Tinakagona kwa msuweni wanga ku Kawale, apongozi kuchipinda ndi azimayi, ine pabalaza.

M'mawa tinalawirira ku likulu la kampaniyo. Chinyumba chake n'chagalasi lokhalokha, chitseko chimatseguka chokha chikakuona. ANabanda anabwerera m'mbuyo, kuyesa kuti mkati muli wina akutuluka, n'kumudikira kuti adutse. Mlonda anatilozera makina oti tidinepo kuti tilandire nambala ya pamzere. Zonse zinali m'Chingerezi, ndipo chala changa cha khasu makinawo sankachimva. Anatidinira mlondayo ndi nsonga ya chala chake, akuyang'ana kwina. Mkatimo munkazizira kuposa ku Dedza. Apongozi anafuna kukhala pansi monga achitira kuchipatala, mlonda n'kuwauza kuti muno sitikhala pansi. Anakhala m'mphepete mwa mpando wonyezimira ngati aubwereka.

Kukhoma kunali kanema wamkulu wobwerezabwereza zotsatsa malonda. Ankaonetsa gogo wina ali m'munda wa mpunga, chitenje chatsopano chosagwa ndi dontho la thope, akuseka ndi mdzukulu wake wa kunja pafoni yaikulu. Mano ake anali oyera ngati ufa. Ndinamuonera gogoyo kambirimbiri mpaka ndinamuda. Amene anajambula zimenezo sanapondepo m'munda wa mpunga, ndipo ngati anapondamo anachita kumunyamula. Apongozi nawo ankaonera, nkhope ili duu.

Nambala yathu itaitanidwa tinapita tonse, iwo n'kuima kumbuyo kwanga chapambali. Anatilandira mtsikana waulemu, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Sindingamunamizire, anatipatsa moni bwinobwino ndipo anamvetsera. Anagogoda pakompyuta, kenako anafotokoza ngati akuwerenga. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitenga n'kuigulitsa kwa wina. Yathuyo inagulitsidwa kale. Dzina limene analiona ku Dedza linali la mwini wake watsopano.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanatiuzire.

"Tinakuchenjezani, bambo. Sisitimu ikuonetsa kuti uthenga unatumizidwa, osati kamodzi kokha."

"Munatumiza kuti?"

"Pa nambala yomweyo."

Ndinamuyang'ana kuti mwina aseka, koma sanaseke. Anthu ophunzira, okhala m'nyumba ya galasi, anakhala pansi n'kugwirizana kuti munthu amene simu yake yafa amuchenjeze kudzera pa simu yakufayo. Ndinamufotokozera za Sitefano, kuti nambala imeneyo ndi yokhayo imene akuidziwa padziko lapansi. Anati pepani kwambiri, ndipo ndikhulupirira kuti anamvadi chisoni. Koma anati kulanda nambala kwa mwini wake watsopano sikutheka, ngakhale kutiuza dzina lake n'kosaloledwa. Kenako anamwetulira monga anamuphunzitsira, n'kunena kuti atha kutipatsa nambala ina yatsopano yosavuta kuloweza, ndipo pali mphatso ya intaneti yaulere kwa olowa kumene. Ndinangotenga chitupa changa. Ndikanatsegula pakamwa, mlonda uja akanagwira ntchito.

Kunja tinakhala pakakhoma ka maluwa, iwo uko ine kuno. Sindinafunikire womasulira, anali atamva zonse okha. Magalimoto ankadutsa, mavenda ankatiloza ndi matchaja a foni. Ndili pomwepo ndinachita chimene sindinachiganize miyezi yonseyi, ndinaimba nambala ija. Masiku oyambirira tinkaiyesa, inkangoti sikupezeka, ndiye tinaleka. Munthu suimbira foni imene mtembo wake uli m'thumba mwako. Ulendo uno inalira.

Anayankha mayi, kumbuyo kwake kukumveka chigayo. Nditangotchula za nambala ndi za Joni, anandidula mawu. Anati mwayambanso akuba inu, kagwireni ntchito, n'kutseka foni. Sindinamudabwe. Tonsefe timalandira mauthenga a anthu onamizira kuti ndi abale athu ali pamavuto, ndipo amene sanaberedwepo amadziwa wina amene anaberedwa.

Apongozi anatambasula dzanja, maso ali kumsewu. Ndinaimbanso, n'kukweza mawu a foni kuti azimveka, n'kuiika pakhomapo pakati pathu. Anaitola ndi manja awiri. Kanali koyamba m'moyo wawo kuimbira munthu.

"Mwananga, musadule. Ine ndine nkhalamba ya ku Golomoti, ndalama yanu sindikuifuna. Nambala muli nayoyo idali yanga. Ndingofunsako chimodzi. Kodi sadaimbepo mwana wamwamuna, dzina lake Sitefano?"

Kenako mayiyo anayamba kulankhula, mawu atatsika. Anati ali ku Kasungu, ndipo nambalayo anaigula pamsika, pansi pa ambulera, osadziwa kuti inali ndi mwini. Anati inde, mwamuna wina ankaimba, nthawi iliyonse pa nambala ina yakunja, kufunsa amayi ake. Ankamuuza kuti walakwitsa, iye n'kumakana kuti nambala imeneyi sangailakwitse. Anzake anamuuza kuti ndi njira za akuba. Choipa kwambiri, mwamuna wake anayamba kufunsa kuti mwamuna wa ku Joni woimbaimbayu ndi ndani, ndipo m'nyumba munalowa mkangano.

"Amayi, mundikhululukire. Ndinatopa naye, ndipo banja langa linali pamoto. Tsiku lomaliza ndinamuuza kuti mwini nambalayi anamwalira."

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire yani? Mayiyo anali mnzathu, wogula pansi pa ambulera ngati ife, woopa akuba ngati ife. Amene anagulitsa chinthu chimodzi kwa anthu awiri anali kuseri kwa galasi, akuzizidwa bwinobwino, ndipo m'makina mwawo zonse zinali zolondola. Sindinanyansidwepo chotero chibadwire.

Ndinawerama n'kufunsa ngati manambala amene ankaimbirawo akadali m'foni. Anati mwamuna wake anawafufuta onse tsiku lomwelo, ndipo papita nthawi, inali nyengo yokolola chimanga. Analonjeza kuti akadzaimbanso adzamupatsa nambala yanga, ndipo adzamuuza zoona. Ndinathokoza. Koma wakufa amamuimbira ndani?

ANabanda anayandikitsa foni kukamwa.

"Atamva, adati chiyani?"

"Anafunsa tsiku limene munaikidwa. Ndinati sindikudziwa. Kenako anayamba kulira, ine ndinadula."

Mayunitsi anga anathera pomwepo. Apongozi anaigwirabe foniyo kwa nthawi, kenako anaiika pakhoma pang'onopang'ono. Sanalire. Anakonza mpango wawo, n'kulankhula motsitsa, osati kwa ine, osati kwa wina aliyense.

"Ndiye kuti ali moyo."

Ndinati inde, ali moyo. Anagwedeza mutu kangapo. Basi ina inadutsa, utsi wake n'kutikuta tonse awiri.

"Koma kumeneko alibe mbale, bambo a Tadala. Maliro angawo adamukhuza ndani?"

Tinabwerera ku Golomoti tsiku lomwelo. Mayi wa ku Kasungu uja amandiimbira mwa apo ndi apo, ndi mayunitsi ake, kungondiuza kuti Sitefano sanaimbebe.